Kuchoka pa Fomu 4 mpaka kugwira choko: ulendo wa mphunzitsi wa sayansi

Zotsatira za mayeso a Fomu 4 zikangotuluka, mwana amene wakhoza bwino masamu ndi sayansi sakhalanso mwini wa tsogolo lake. Azakhali ake amamuona kale atavala gauni loyera ku Queens, bambo ake amamuona ali ndi chipewa cha mainjiniya kumutu, ndipo iye mwini akamadutsa pa minibasi mumsewu wa Masauko Chipembere n'kuona nyumba za MUBAS, mtima umatsala pomwepo. Uphunzitsi palibe amautchula. Umadzalowa pa fomu yofunsira malo kumapeto kwenikweni, ngati nyemba zimene mayi amasunga poopa kuti nyama ingavute.

Ndinaziona zimenezi pamene mwana wa mlongo wanga ku Ndirande ankalemba fomu yake. Tinakhala pakhonde anthu akuluakulu angapo, aliyense ndi nzeru zake, koma mtsikanayo atafunsa kuti digiri ya uphunzitsi wa sayansi imakhala ndi chiyani m'kati mwake, tonse tinayamba kuyang'ana nkhuku zimene zinkadutsa pabwalo. Tinkadziwa kuti ndi zaka 4, basi. Ena ankaganiza kuti ndi zomwe zija zimachitika ku Blantyre Teachers Training College, osadziwa kuti kumeneko amaphunzitsa aphunzitsi a ku pulayimale, ndipo njira yake ndi ina.

Chodabwitsa n'chakuti Blantyre, mzinda umene lero ana ake ambiri amaulukira kwina akafuna digiri imeneyi, ndi womwe unayambitsa zonsezi. Sekondale yoyamba m'dziko muno, Blantyre Secondary School, inatsegulidwa mu 1940. Yunivesite ya Malawi inayamba kuphunzitsa mu 1965 pa Chichiri pomwepa, ndi ophunzira 90 okha, ndipo aphunzitsi a ku sekondale ankasulidwa ku Soche Hill College. Mu 1973 koleji imeneyi, pamodzi ndi sukulu ya za kayendetsedwe ka boma ya ku Mpemba, inasamukira ku Zomba kukakhala mbali ya Chancellor College, imene aliyense amangoti Chanco. Kwa zaka zambiri kuyambira pamenepo, wofuna kuphunzitsa Biology, Chemistry, Physics kapena masamu ndi digiri ankakwera basi ya ku Zomba. Chanco inatsala ndi dzina la University of Malawi pamene makoleji anapatukana mu 2021, Polytechnic n'kukhala MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing n'kukhala KUHeS. Ku MUBAS kuli maphunziro a uphunzitsi, koma amapendekera ku ntchito zamanja ndi zaumisiri, monga kujambula mapulani, ukalipentala ndi zachitsulo, komanso zamalonda.

Kupatula ku Zomba, kuli Mzuzu University imene inayamba kulandira ophunzira mu 1999 ndipo uphunzitsi ndi umodzi mwa mizati yake. Kuli Domasi College of Education, imene boma linaikhazikitsa mu 1993 kuti izitulutsa aphunzitsi a ku sekondale a dipuloma, ndipo pano ili ndi madigiri. Kuli Nalikule College of Education ku Lilongwe, yomangidwa ndi thandizo la dziko la Japan n'kutsegulidwa mu 2017, imene cholinga chake chachikulu ndi masamu ndi sayansi.

Khomo lolowera ndi satifiketi ya MSCE. Magiredi ake amayambira pa 1 kufika pa 9: 1 ndi 2 ndi kukhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungodutsa, 9 ndi kulephera. Yunivesite imafuna makirediti 6, Chingelezi chikhale pomwepo, ndipo mapointi amawerengedwa pophatikiza magiredi a maphunziro 6 amene mwana wakhoza bwino koposa. N'chifukwa chake wopeza mapointi 6 amatuluka m'nyuzipepala. Koma apa ndi pamene makolo ambiri amasokonezeka. Mwana akhoza kukhala ndi mapointi ochepa bwino chifukwa cha Bible Knowledge, History ndi Chichewa, koma masamu ali ndi 7. Ameneyo ku uphunzitsi wa sayansi khomo latsekeka, chifukwa osankha amayang'ana maphunziro oyenerana ndi pulogalamuyo, osati chiwerengero cha mapointi chokha. Kusankhako kumayendetsedwa ndi bungwe la National Council for Higher Education, NCHE, limene limalandira mafomu a mayunivesite onse a boma pamodzi. Njira ya kota, yogawa malo potengera boma lochokera, inathetsedwa mu 2020.

Tsono ulendowu suyamba pa tsiku lolemba fomu. Umayamba pamene mwana akulowa Fomu 3 n'kusankha maphunziro oti alembe pa MSCE, ndipo kusankhako nthawi zambiri sikukhala kwake. Kale kunali phunziro limodzi la Physical Science. Silabasi yatsopano inaligawa pawiri kukhala Physics ndi Chemistry. Pa pepala n'zabwino, chifukwa mwana amafika ku yunivesite atazama. Koma phunziro limodzi likakhala awiri, aphunzitsi ofunika amachulukanso, pamene ngakhale limodzi lija linkasowa omuphunzitsa.

Kuti timvetse kusowaku tibwerere ku 1994, pamene boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale. Ana anakhamukira kusukulu, kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Mtsinje umenewo unayenera kudzafika ku sekondale, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 boma linasandutsa malo ophunzirira a MCDE, koleji ya maphunziro a patali, kukhala masukulu oyendera a m'madera, ma CDSS. Nyumba zinalipo pang'ono, ana analipo ambiri, koma aphunzitsi ambiri anangotengedwa ku pulayimale, ndipo labotale m'malo ochuluka munalibe. Lero ana ambiri a sekondale za boma ali m'ma CDSS amenewa. Mwana wa ku Chirimba kapena ku Lunzu amene sanagwirepo test tube mpaka tsiku la mayeso a pulakitiko, mwayi wake wopeza kirediti ya Chemistry ndi wochepa. Akapanda kuipeza sangalowe pulogalamu yoti adzakhale mphunzitsi wa Chemistry, ndipo sukulu yake ipitiriza kusowa mphunzitsi wa Chemistry. Chingwe chimenechi chimadzimanga chokha, ndipo kwa ine ndicho chifukwa chachikulu chimene digiriyi siyenera kukhala nyemba zosungira tsiku lovuta.

Nanga amene walowa amakumana ndi chiyani? Choyamba n'chakuti sayansi yake si yochepetsedwa. Ku yunivesite ngati ya ku Zomba, wophunzira za uphunzitsi amakhala m'kalasi imodzi ndi amene akuchita digiri ya sayansi yeniyeni, mphunzitsi wake yemweyo, mayeso omwewo. Chaka choyamba amalawa zonse: masamu, Physics, Chemistry, Biology, ndi phunziro la kalembedwe ndi kalankhulidwe ka Chingelezi cha kusukulu. Apa ndi pamene ana amene anali akatundu kusukulu kwawo amayamba kudziwa mawu akuti sapu, mayeso obwereza a amene walephera pang'ono, ndi mawu oopsa aja akuti kuwidedwa, kuchotsedwa sukulu chifukwa cha kulephera. Amene analowa poganiza kuti uphunzitsi ndi kopumira amadzidzimuka akakumana ndi masamu ozama a calculus. M'zaka zotsatira munthu amachepetsa maphunziro n'kutsala ndi awiri oti adzaphunzitse, lina lalikulu lina lothandizira, monga Chemistry ndi Biology kapena Physics ndi masamu.

Pambali pa zimenezi pali mtolo wachiwiri umene mnzake wa sayansi yeniyeni sausenza: maphunziro a za uphunzitsi. Mmene ubongo wa mwana umakulira ndi mmene umagwirira zinthu, mbiri ndi cholinga cha maphunziro, kakonzedwe ka silabasi, kafunsidwe ka mayeso ndi kachongedwe kake, kuthandiza ana olumala kapena ovutika kumva ndi kuona, kayendetsedwe ka sukulu. Ophunzira ambiri a sayansi amazipeputsa zimenezi, amati ndi zongoloweza usiku wa mayeso. Ena mwa maphunzirowa amaphunzitsidwadi mouma, sindikana. Koma pali gawo limodzi limene ndimaliona kuti ndiwo mtima wa digiri yonse, la njira zophunzitsira phunziro lenilenilo, ndipo kufunika kwake kumaoneka bwino tikaganiza za chilankhulo.

Sayansi ku sekondale imaphunzitsidwa m'Chingelezi, koma mwana wa ku Bangwe amaganiza m'Chichewa. Mphunzitsi akanena kuti force, mwana mumtima amati mphamvu. Akanena energy, mwana amatinso mphamvu. Akanena power, mphamvu yomweyo. Mu Physics zitatuzi ndi zinthu zosiyana, chilichonse ndi muyeso wake, newton, joule ndi watt, koma m'mutu mwa mwanayo zagona pa mphasa imodzi. Shuga akalowa mu tiyi timati wasungunuka. Majarini akakhala padzuwa timatinso wasungunuka. Mu Chemistry koyambako ndi dissolving, kwachiwiriko ndi melting, ndipo mwana amene sanazilekanitse adzalemba kuti mchere umachita melt m'madzi, n'kuluza malikisi osadziwa chimene walakwa. Kutentha ndi heat komanso temperature. Kulemera ndi mass komanso weight. Si kuti Chichewa n'chopereŵera. Chingelezi cha mumsewu nachonso chimasakaniza mawu omwewa, ndipo ana a ku London amavutika nawo. Nkhani ndi yakuti munthu wodziwa Physics yekha sangaone pamene mwana wapunthwa. Amabwereza tanthauzo lomwelo mokweza mawu, ana n'kuyankha onse pamodzi kuti amva, mayeso n'kudzaulula kuti sanamve. Wophunzitsidwa bwino amadziwiratu maenje amenewa, ndipo amayamba ndi kufunsa ana kuti shuga wapita kuti, asanalembe kanthu pabolodi.

Ana amabweranso ndi nzeru zawo zimene sizichoka ndi manotsi. Ambiri amakhulupirira kuti chimanga chimadya dothi, chifukwa aona feteleza akugwira ntchito. Kuwauza kuti gawo lalikulu la phesi louma linachokera mu mpweya wa carbon dioxide ndi madzi, mothandizidwa ndi dzuwa, kumamveka ngati nthano. Amaloweza photosynthesis, amakhoza funso lake, koma mumtima chimanga chikudyabe dothi. Kusuntha chikhulupiriro chotere ndi luso, ndipo luso limaphunziridwa.

Palinso nkhani ya zipangizo. Ku yunivesite wophunzira amazolowera labotale ya gasi, madzi a m'mipope ndi mabotolo olembedwa mayina. Kumene akupita mwina akapeza kabati imodzi yokhoma, makiyi ali ndi ahedi. Maphunziro abwino a uphunzitsi amamukonzekeretsa kuona labotale m'zinthu za pakhomo. Chidulo chimene agogo amatcheza kuchokera ku phulusa kuti aphikire therere ndi alkali weniweni. Mandimu ndi viniga ndi asidi. Madzi ofiira a maluwa a chidede amasintha mtundu ukawathira chimodzi mwa ziwirizi, ndiye kuti indicator wapezeka popanda kuitanitsa kunja. Soda wophikira akakumana ndi viniga amatulutsa carbon dioxide ana akuona. Ngakhale mayi wotcheza kachasu, tisanamizane, akuchita distillation: mowa umawira pa madigiri 78, madzi pa 100, ndipo mpope wodutsa m'madzi ozizira uja ndi condenser. Mphunzitsi akatchula chitsanzo chimenechi kalasi yonse imadzuka, ngakhale a kumbuyo aja.

Koma kuti munthu achite zotere mosanamiza ana, sayansi yake iyenera kukhala yakuya, ndipo apa ndi pamene digiri imasiyana ndi kungowerenga buku la Fomu 4 usiku n'kukaphunzitsa m'mawa. Buku limati madzi amawira pa madigiri 100. Mphunzitsi mu Blantyre akawiritsa madzi n'kuikamo thermometer, idzaima pafupi ndi 96 kapena 97. Wosazama amati chipangizocho n'chowonongeka, kapena amauza ana kuti alembe 100 poti ndi zimene zili m'buku. Wozama amasangalala, chifukwa wapeza phunziro laulere: mzinda uno uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya sukanikiza kwambiri ngati kunsi, choncho madzi amawira msanga. Akhoza kufunsa ana kuti ku Nsanje, kumene kuli kotsika kwambiri, thermometer yomweyo ingaonetse chiyani, nanga pamwamba pa Sapitwa, nsonga ya phiri la Mulanje, pa mamita 3,002. Ana amene afunsidwa funso lotere sadzaiwala.

Zonsezi zimayesedwa pa TP, nthawi imene wophunzira amatumizidwa ku sukulu yeniyeni kukaphunzitsa kwa pafupifupi teremu yathunthu. Amalemba masikimu a teremu, amakonza lesson plan ya phunziro lililonse, amachonga makope, amakhala pa mzere wa aphunzitsi pa asembule. Aphunzitsi ake a ku koleji amabwera kudzakhala kumbuyo kwa kalasi ndi fomu yopatsira malikisi, ndipo ana, poti ndi ana, tsiku limenelo amakhala angelo kapena amasankha kumuyesa. Ambiri amene anadutsamo amanena kuti ndi pa TP pamene anadziwa ngati ntchitoyi ndi yawo. Kuima kutsogolo kwa ana oposa 80, ena ali pansi, ena ndi aakulu thupi kuposa iwe, mphindi 40 zokha, belu n'kulira usanafike pa mfundo yako: palibe buku limene lingakuuze mmene zimamvekera m'mawondo. Chaka chomaliza chimakhalanso ndi kafukufuku waung'ono amene wophunzira amalemba yekha.

Za ndalama sindichulukitsa, poti mitengo imasintha chaka ndi chaka. Nthawi imene boma linkadyetsa ndi kugoneka aliyense wosankhidwa inapita. Pano pali fizi, pali chakudya, pali lendi, chifukwa malo ogona pa sukulu ndi ochepa ndipo ambiri ku Zomba amakapanga lendi ku Chikanda, a ku Mzuzu ku Luwinga. Ovutika amafunsira ngongole ku Higher Education Students' Loans and Grants Board, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015. Ndi ngongole, osati mphatso, ndipo imabwezedwa munthu akamaliza. TP nayo imadya ndalama zimene makolo saziwerengera: nyumba kudera lachilendo, zovala zooneka ngati mphunzitsi, mapepala a matchati.

Amene sanalowe pa khomo loyamba asataye mtima, makomo ena alipo. Ambiri mwa aphunzitsi abwino a sayansi amene ndikuwadziwa anayamba ndi dipuloma, n'kuphunzitsa zaka zingapo, kenako n'kubwerera kukawonjezera kuti ikhale digiri. Ena anayambira ku pulayimale. Pali maphunziro a patali, ODL, amene Mzuzu University ndi Domasi akhala akuchititsa, oti munthu amapita ku koleji kwa milungu yochepa, nthawi yotsalayo n'kumawerenga ali pantchito. Kwa sayansi njira imeneyi ili ndi vuto lake, chifukwa ntchito za mu labotale ngati titration siziphunziridwa pa foni, choncho milungu ya ku koleji ija ndi yosati n'kujomba. Amene ali kale ndi digiri ya sayansi yopanda uphunzitsi amawonjezera satifiketi ya University Certificate of Education, UCE. Mayunivesite a mipingo nawonso ali ndi madigiri a uphunzitsi, monga Catholic University of Malawi ku Nguludi, pafupi ndi Limbe pomwepa, ndi University of Livingstonia kumpoto. Musanalipire kulikonse, funsani ngati pulogalamu yeniyeniyo, osati sukulu yokha, ndi yovomerezeka ndi NCHE, ndipo pemphani kuti akuonetseni labotale ndi maso anu.

Gauni likavulidwa, zithunzi zitajambulidwa pa Great Hall ya ku Chanco, pamabwera gawo limene limapweteka. Dziko likusowa aphunzitsi a sayansi, koma kusowako sikutanthauza kuti ntchito ikudikira pakhomo. Aphunzitsi a boma amalembedwa kudzera ku Teaching Service Commission, ndipo amalembedwa pamene boma lapeza ndalama za malipiro awo, osati pamene sukulu yasowa mphunzitsi. Choncho zimatheka kuti CDSS ina ilibe wa Physics, pamene wa Physics ali ku Chilobwe akugulitsa mayunitsi, akudikira kuti manyuzipepala alengeze. Podikirapo ambiri amalowa m'masukulu apulayiveti amene ali mbwee mu mzinda uno, ena olipira bwino, ena olipira mwezi ukafika pa 45. Ena amaphunzitsa makalasi a masana a open, kapena a ana obwereza MSCE. Masiku ano pali kulembetsanso ku Teachers Council of Malawi kuti munthu akhale ndi chiphaso cha uphunzitsi.

Wa digiri akalembedwa amayambira pa giredi ya TI, wa dipuloma pa TJ, ndipo kusiyanako ndi chimodzi mwa zimene zimabwezera anthu ku koleji. Koma digiri yomweyo imene imamukweza ndi imene imamutsegulira zitseko zotulukira. Wodziwa masamu amafunidwa ku banki ndi ku inshuwalansi, wa Chemistry ku mafakitale a ku Makata ndi ku Chirimba, wa Biology ku mabungwe a zaumoyo. Sindingamuweruze munthu amene wachoka. Lendi ya mu Blantyre simva za kudzipereka. Ndimangoti boma likamawerenga aphunzitsi amene lasula, liziwerenganso amene atsala m'kalasi patatha zaka 5. Kwa otsalawo pali maphunziro a patchuthi a SMASSE, pulogalamu yolimbikitsa kaphunzitsidwe ka masamu ndi sayansi imene inayamba mu 2004 mothandizidwa ndi bungwe la JICA la ku Japan, ndipo mfundo yake yaikulu ndi yomwe ija ya chidulo ndi mandimu: ana azigwira zinthu ndi manja, mphunzitsi azigwiritsa ntchito zimene zilipo.

Chinthu china chimene mwana wa mu mzinda ayenera kudziwiratu ndi kumene angatumizidwe. Blantyre ili m'chigawo cha maphunziro cha South West Education Division, pamodzi ndi Chikwawa, Nsanje, Mwanza ndi Neno, ndipo boma likhoza kumutumizanso ku chigawo china chilichonse. Masukulu a m'tauni ngati Chichiri, Soche Hill, Zingwangwa ndi Njamba aliyense amawafuna. Malo opanda munthu ali kumidzi. Kalata ikhoza kunena sukulu imene dzina lake sunalimvepo, kumene ukakhale wekha wa sayansi, Physics yako, Chemistry yako, mwinanso masamu a Fomu 1 mpaka Fomu 4.

Mwana wa mlongo wanga uja tinamufotokozera zonsezi patapita masiku, titafunsafunsa kwa odziwa. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anatenga fomu ija n'kukweza uphunzitsi wa Chemistry kuchoka pansi kufika pachiwiri. Pamalo oyamba panakhalabe za mankhwala, ndipo mayi ake anapuma. Chimene anafunsa pambuyo pake chinali chakuti ku Neno magetsi amafika kapena ayi.